Meya wa ku Cologne Amene Anakana Kudula Mitengo

Adzukulu anga, lero ndikutengerani kutali, m'dziko la Germany. Kumeneko kuli mtsinje waukulu wotchedwa Rhine, ndipo m'mphepete mwake muli mzinda wakalekale, wa m'nthawi ya Aroma, umene ife timaudziwa kuti Cologne koma eni ake amati Köln. Ndikusimbirani za mwana wa mumzindamo, a Konrad Adenauer, amene anakhala pampando wa umeya kawiri, ndipo kawiri konseko anawachotsapo mwachipongwe. Koyamba anawachotsa ndi anthu a mtundu wawo womwe, kachiwiri ndi asilikali achilendo amene anagonjetsa dzikolo. Tcherani khutu, chifukwa m'nkhaniyi muli funso limene limamupeza mtsogoleri aliyense: munthu wamphamvu akakukhazika pampando, kodi umatumikira iyeyo kapena anthu amene maso awo ali pa iwe?

A Adenauer anabadwa pa 5 Januwale 1876, m'banja la Chikatolika. Bambo awo anali kalaliki wa kukhoti, munthu wamwambo ndi wosawononga ndalama. Mwanayo anaphunzira zamalamulo ku Freiburg, ku Munich ndi ku Bonn, kenaka anabwerera kwawo n'kulowa ntchito m'khonsolo ya mzinda. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka mu 1914, anawapatsa udindo woonetsetsa kuti anthu a mumzinda ali ndi chakudya. Tirigu atasowa, iwo pamodzi ndi ophika buledi anapeza njira yopangira buledi wa ufa wa chimanga, balere ndi mpunga. Buledi ameneyo sanali wokoma, koma anthu ankagona atadya. Mu 1916 mkazi wawo woyamba, mayi Emma, anamwalira n'kuwasiyira ana atatu. Chaka chotsatira anachita ngozi ya galimoto imene inawaphwanya nkhope, moti maonekedwe awo anasinthiratu moyo wawo wonse. Chaka chomwecho cha 1917, ali ndi zaka 41, khonsolo inawasankha kukhala meya.

Germany itagonja mu 1918, asilikali a Britain analowa mu Cologne ndipo anakhalamo mpaka mu 1926. Musunge mfundo imeneyi, chifukwa ikusonyeza kuti a Adenauer sanali mlendo pa zogwira ntchito pansi pa mfuti za anthu ena. M'zaka zimenezo anachita zazikulu. Anatsegulanso yunivesite ya Cologne mu 1919. Anamanga malo a chionetsero cha zamalonda kutsidya kwa mtsinje, ku Deutz. Anakopa kampani ya Ford kuti idzamange fakitale ya magalimoto mumzindamo. Koma ntchito imene inali kumtima kwawo inali ya mitengo. Mzindawu unali utazunguliridwa ndi malinga a nkhondo, ndipo pangano la mtendere linalamula kuti malingawo agwetsedwe. Anthu andalama ankafuna malowo kuti amangepo nyumba zobwereketsa. A meya anakana. Anati malowo akhale nkhalango, udzu ndi mabwalo a masewero mozungulira mzinda wonse, kuti mwana wa munthu wosauka, wokulira m'nyumba yopanda bwalo, akhale ndi pothamanga ndi popumira mpweya wabwino. Anthu ambiri osowa ntchito anapeza ganyu yodzala mitengoyo.

Kenaka kunabwera Adolf Hitler ndi chipani chake cha Nazi. Mu Febuluwale 1933, atangotenga boma, Hitler anapita ku Cologne kukachititsa msonkhano wa chipani. A meya sanapite ku bwalo la ndege kukamuchingamira, ndipo analamula kuti mbendera za chipani zimene anyamata a Nazi anakoleka pa mlatho wa ku Deutz zitsitsidwe, popeza mlathowo unali wa mzinda osati wa chipani. Chipongwe chimenechi a Nazi sanachiiwale. Pa 13 Marichi 1933 anawachotsa paudindo, anawaimitsira malipiro ndi kuwatsekera ndalama kubanki. Munthu amene analamulira mzinda zaka 16 anasanduka wothawathawa. Mnzawo wa kusukulu, amene anali mkulu wa amonke ku Maria Laach, anawabisa kumeneko pafupifupi chaka chathunthu. Bwenzi lawo lina, a Dannie Heineman, munthu wamalonda wa mtundu wa Chiyuda, anawapatsa ndalama zodyetsera banja pamene anzawo ambiri akale ankawalambalala pamsewu. Patapita zaka anamanga nyumba m'mudzi wa Rhöndorf, kufupi ndi Bonn, ndipo anakhala phee, akusamalira maluwa m'dimba lawo.

Mu Julayi 1944 asilikali ena a Germany anayesa kupha Hitler koma analephera. Boma linayamba kusesa aliyense amene kale anali wandale wa zipani zina. Mu Ogasiti apolisi achinsinsi a Gestapo anagwira a Adenauer n'kukawatsekera ku Deutz, pamalo a chionetsero aja amene anamanga okha, amene tsopano anali atasanduka ndende. Mkaidi mnzawo, a Eugen Zander, anali wa chipani cha Chikomyunizimu, chimene a Adenauer ankalimbana nacho moyo wawo wonse. Bamboyu ndiye anaona dzina lawo pa mndandanda wa anthu oti atumizidwe ku ndende zozunzirako anthu, ndipo anawalangiza kuti anamizire kudwala. Anawatengera kuchipatala, ndipo kuchokera kumeneko anazemba n'kukabisala pa chigayo china kufupi ndi Hachenburg. A Gestapo anagwira mkazi wawo wachiwiri, mayi Gussie, n'kuwaopseza kuti akapanda kuulula, ana awo aakazi nawonso alowa m'ndende. Mayiwo anaulula. Chisoni chinawagwira kotero kuti ali m'ndendemo anayesa kudzipha, ndipo thupi lawo silinabwererenso mwakale mpaka anamwalira mu 1948. Amuna awo anawagwira pa 25 Sepitembala 1944, tsiku limene ukwati wawo unkakwanitsa zaka 25, n'kuwatsekera ku Brauweiler. Mwana wawo Max, amene anali msilikali, anapita ku Berlin kukapempha kuti awamasule, ndipo kumapeto kwa Novembala anawamasula.

Tsopano ndikuuzeni za mzinda uja. Nkhondo yachiwiri isanayambe, mu Cologne munali anthu pafupifupi 770,000. Usiku wa pa 30 Meyi 1942 ndege za Britain zokwana chikwi zinauphulitsa ulendo umodzi, ndipo nkhondo yonseyo ndege zinabwera maulendo 262. Asilikali a America atalowa pa 6 Marichi 1945, anapeza anthu okwana ngati 40,000 okha, akukhala m'zipinda zapansi pa nthaka. Pakati pa mzinda panalibe nyumba yoti n'kulozapo chala. Milatho yonse ya pa Rhine inali m'madzi. Kunalibe magetsi, mipopi inali youma, misewu itakwiririka ndi milu ya njerwa, ndipo pansi pa miluyo panali mitembo. Tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri chinatsala chiriri, chitavulazidwa koma osagwa.

Msilikali amadziwa kulanda mzinda, koma sadziwa kumene mipopi yake imadutsa, kapena kuti wophika buledi wokhulupirika ndi uti. N'chifukwa chake ogonjetsawo, mzinda uliwonse umene alanda, ankafunafuna Mjeremani wosadetsedwa ndi chipani cha Nazi kuti amuike kukhala meya. Aamerika anali ndi mndandanda wa anthu otere, ndipo dzina la a Adenauer linalipo. Anawalondola ku Rhöndorf m'mwezi womwewo wa Marichi. Mkuluyu, amene apa n'kuti ali ndi zaka 69, sanavomere msanga. Nkhondo inali isanathe, ana awo aamuna atatu anali m'gulu la asilikali a Germany, ndipo ankaopa kuti a Nazi akamva, alipsira anawo. Mantha amenewa sanali opanda pake. Ku Aachen, Aamerika anali ataika loya wina, a Franz Oppenhoff, kukhala meya mu Okutobala 1944, ndipo pa 25 Marichi 1945 zigawenga zotumidwa ndi a Nazi zinakawaombera pakhomo pawo. Choncho a Adenauer anayamba n'kuthandiza ngati mlangizi chabe, ndipo pa 4 Meyi 1945, nkhondo itatsala masiku ochepa kuti ithe, anavomera kubwerera pampando.

Udindo umenewu musauone ngati ulemerero. Meya woikidwa ndi asilikali analibe khonsolo yosankhidwa ndi anthu yoti imuikire kumbuyo. Galimoto, petulo, simenti, malasha, ngakhale chilolezo chowoloka mtsinje, zonse ankapempha kwa msilikali wolamulira mzinda. Nyumba ya khonsolo inali itapsa, moti ankagwirira ntchito m'nyumba ya kampani ya inshuwalansi ya Allianz imene inapulumuka. Ogwira ntchito odziwa zinthu ambiri anali ndi makhadi a chipani cha Nazi, ndipo lamulo linali loti achotsedwe. Pamwamba pa zonsezi, anthu amene anathawa mabomba anayamba kubwerera, tsiku ndi tsiku, wapansi, akukankha tingolo, ndipo chaka chisanathe mumzindamo munali anthu opitirira 400,000 ofuna denga, madzi ndi chakudya. Agogo athu amene anaona mafumu a kuno m'nthawi ya atsamunda akanaumvetsa msanga udindo umenewu: bwanamkubwa akufuna lamulo lake litsatidwe, anthu ako akufuna uwateteze, ndipo mbali zonse ziwiri zikukukayikira.

Mwa zimene a Adenauer anachita m'masabata oyambirirawo, chimodzi sindifuna muchiiwale. Ngakhale kuti magalimoto ndi mafuta zinali zosowa, anatumiza mabasi a mzinda ku Buchenwald, ku Dachau ndi ku Theresienstadt, ku ndende zija zozunzirako anthu, kuti akatenge anthu a ku Cologne amene anapulumuka. Ena anali Ayuda, ena andale otsutsa. Awa anali anthu amene anatulutsidwa mumzinda anansi awo akuonerera. Meya ananena ndi zochita zake kuti amenewa ndi eni mzinda, ndipo mzinda womwewo uyenera kukawatenga.

Ndi Aamerika ankamvana bwino. Koma ogonjetsa anayi, America, Britain, France ndi Soviet Union, anagawana dzikolo m'zigawo zinayi, ndipo Cologne inagwera m'chigawo cha Britain. Mu Juni 1945 Aamerika anachoka, Angelezi analowa, ndipo zinthu zinayamba kuvuta. Mkuluyu anali ndi khosi louma, ankayankhula ngati mwini mzinda osati ngati wantchito wa asilikali, ndipo maganizo ake anali pa mzinda wa zaka makumi asanu zikubwerazo pamene Angelezi ankafuna madenga afoleredwe chisanu chisanafike. A Adenauer ankakhulupiriranso kuti boma latsopano la chipani cha Labour ku London linkakondera chipani cha Social Democrat, chimene chinali mdani wawo pandale.

Mkangano unafika pachimake pa nkhani ya nkhuni. Chisanu cha ku Germany chimapha, adzukulu anga. Madzi amauma gwaa, ndipo munthu wogona m'nyumba yopanda mawindo ndi moto sadzuka. Angelezi analamula kuti mitengo ya m'nkhalango ija yozungulira mzinda idulidwe, anthu agawiridwe nkhuni. A meya anakana. Anawauza kuti nkhuni za mitengo yonseyo, mukazigawa kwa anthu ochuluka chotero, sizingafunditse mzinda nyengo yonse yozizira, pamene mtengo wodulidwa lero udzatenga m'badwo wathunthu kuti ubwerere. Chimene anthu ankafunika chinali malasha, ndipo migodi ya malasha inali pafupi pomwepo, kumadzulo kwa mzinda ndi ku Ruhr, koma inali m'manja mwa Angelezi. Choncho anati: tsegulani malasha, mitengo muisiye.

Apa tisaweruze mothamanga. Angelezi nawo anali ndi mfundo. Malasha a ku Germany ankafunikanso ku France, ku Belgium ndi ku Netherlands, maiko amene asilikali a Hitler anawapondereza ndi kuwasiya ali mbuu. Msilikali wa ku London, amene mzinda wake womwe unaphulitsidwa ndi ndege za Ajeremani, sakanamva chisoni ndi mitengo ya ku Cologne. Ndiponso mayi wa ana ang'onoang'ono wokhala m'chipinda chapansi, mukanamufunsa, mwina akanasankha nkhuni za lero. Koma a Adenauer anaona chimene mlendo sakanaona. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Asilikali adzapita kwawo, koma ana a ku Cologne adzatsala ndi mzinda umene makolo awo awasiyira.

Pa 6 Okutobala 1945 anaitanidwa kwa Brigadier John Barraclough, msilikali wolamulira chigawo cha North Rhine. Anawawerengera kalata yowachotsa ntchito. Kalatayo inati alephera udindo wawo kwa anthu a ku Cologne, makamaka pa kukonza nyumba ndi kuchotsa zogumuka chisanu chisanafike. Inawalamula kuti atuluke mumzindamo pasanathe masiku asanu ndi atatu, ndiponso kuti asachite ndale za mtundu uliwonse, apo ayi akaonekera ku khoti la asilikali. Taganizani: munthu amene a Nazi anamuthamangitsa mumzinda wake ndi kumutsekera m'ndende, tsopano akuthamangitsidwanso mumzinda womwewo ndi amene anagonjetsa a Nazi, patangotha miyezi isanu. Anasaina kalatayo n'kubwerera ku Rhöndorf. M'malo mwawo Angelezi anaikapo a Hermann Pünder.

Ambiri akanati basi, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70 yathera pomwepo. Koma kuchotsedwako kunawamasula ku ntchito yowerenga matumba a simenti, ndiponso kunawachotsera dzina loti ndi munthu wa asilikali achilendo. Mu Disembala chiletso cha ndale chija chinachotsedwa. Anadzipereka ku chipani chatsopano cha CDU, chimene chinasonkhanitsa Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, chinthu chachilendo m'ndale za Germany. Mu Januwale 1946, pamsonkhano wa ku Herford, anakhala pampando wa wotsogolera zokambirana ponena kuti iwo ndiwo anali aakulu pa zaka kuposa onse, ndipo pofika mu Marichi anali atasankhidwa kukhala wapampando wa chipanicho m'chigawo chonse cha Britain. Mu 1948 anatsogolera bungwe lolemba malamulo oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1949. Pa 15 Sepitembala 1949 nyumba ya malamulo ya West Germany, dziko latsopano lopangidwa ndi zigawo za America, Britain ndi France, inawasankha kukhala Chansela woyamba, ndiye kuti mtsogoleri wa boma, ndi mavoti 202 mwa aphungu 402. Anali ndi zaka 73.

Patangopita masiku ochepa anakwera phiri la Petersberg kukaonana ndi nthumwi zitatu za America, Britain ndi France, zimene zinali ndi mphamvu pamwamba pa boma latsopanolo. Mwambo unali woti nthumwizo ziime pa kapeti, Ajeremani aime kunja kwake. A Adenauer anaponda pa kapetiyo n'kuyankhula ali pomwepo. Umu ndi mmene anachitira ndi ogonjetsawo zaka zonse zotsatira. Sanawatukwane, sanawasungire mangawa a mu 1945, komanso sanawagwadire. Ankavomera zimene sakanatha kukana, n'kumapempha kachidutswa kamodzi ka ufulu nthawi iliyonse, mpaka pa 5 Meyi 1955 ulamuliro wa asilikali achilendo unatha ku West Germany. Mu 1952 anasaina pangano lolipira dziko la Israel ndi Ayuda opulumuka, ngakhale kuti ambiri a m'chipani chawo chomwe sankafuna. Mu 1955 anapita ku Moscow n'kukamasulitsa akaidi a nkhondo otsiriza pafupifupi 10,000. Mu Januwale 1963 anasaina pangano la ubwenzi ndi Charles de Gaulle wa ku France, dziko limene Germany inamenyana nalo nkhondo zitatu m'zaka zosakwana 80.

Mbiri yoona siibisa zipsera, ndipo nanenso sindikubisirani. A Adenauer analola anthu ambiri amene anatumikira boma la Nazi kubwerera m'maudindo, m'makhoti ndi m'maunduna. Mlembi wawo wamkulu, a Hans Globke, anali mmodzi mwa amene analemba buku lofotokozera malamulo a Hitler osala Ayuda, ndipo a Chansela anawateteza mpaka mapeto. Ankati dziko silingayende popanda anthu odziwa ntchito, koma kwa amene abale awo anaphedwa, limenelo linali bala lachiwiri. Enanso ankawadzudzula kuti pokangamira maiko a kumadzulo anataya abale awo a ku East Germany, chigawo chimene chinali pansi pa Soviet Union. Anachedwanso kutula pansi udindo, moti a chipani chawo anachita kuwakankha, ndipo anachoka mu Okutobala 1963 ali ndi zaka 87. Anamwalira pa 19 Epulo 1967 ku Rhöndorf. Mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi chachikulu cha ku Cologne, ndipo bokosi lawo linanyamulidwa pa boti kukwera mtsinje wa Rhine kupita kumudzi kwawo.

Anthu akamatchula a Adenauer amakumbukira zaka 14 za uchansela. Ine ndimaona kuti munthuyu anadziwika bwino m'miyezi isanu ija ya mu 1945, pamene analibe voti ya munthu ngakhale mmodzi, analibe asilikali, ndipo amene anawapatsa mpando akanatha kuwalanda ndi kalata imodzi, monga anachitiradi. Njira yapafupi yosungira mpandowo inali kuvomera chilichonse. Iwo anatumiza mabasi kukatenga otayidwa, anapempha malasha amene anthu ankafunikadi, ndipo anakana lamulo limene ankaona kuti lidzapweteka mzinda kwa zaka zambiri, akudziwa bwino mtengo wa kukanako.

Ena mwa inu mudzapatsidwa maudindo ndi anthu amphamvu kuposa inu, kaya ndi boma, kaya ndi kampani, kaya ndi bungwe lochokera kunja. Mudzawalemekeze, mudzagwire nawo ntchito mokhulupirika, ndipo mukagonja pa mkangano musadzasunge chidani. Koma tsiku limene adzakulamulani chinthu chopweteka anthu amene mukuwayang'anira, mudzawauze zoona ndi kuwasonyeza njira ina, ngakhale zitatanthauza kuti mawa lake mpando mulibe. Udindo umatha kubweranso, monga unabwerera kwa nkhalamba ya ku Rhöndorf, koma anthu akangodziwa kuti munawagulitsa kuti mukhalitse pampando, sadzakukhulupiriraninso.